Mwana wa Mlimi wa kwa Njombwa Aloledwe Kuwerenga Mbeu ya Atate Ake

Palibe munthu woona mtima amene angakane kuti chuma cha dziko lino chamangidwa ndi thukuta la mlimi wa fodya. Alimi a kwa Njombwa, m'boma la Kasungu, ali m'gulu la anthu amenewa. Iwo amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, amaokera mvula yoyamba ikagwa, amathyola, amasoka, amapachika m'zigafa, amasankha magiredi mpaka usiku, ndipo akadinda mabelo amakadikira ku msika wa Chinkhoma kuti amve mtengo umene wogula wafuna kuwapatsa. Kwa zaka zambirimbiri ndalama zakunja zogulira mankhwala, mafuta ndi feteleza zakhala zikuchokera m'mabelo amenewa. Ndipo ndi ndalama za fodya yemweyo ana ena a alimiwa afika ku sukulu zaukachenjede.

Tsono pali maganizo oipa amene azika mizu m'mitu ya anthu ena ophunzira, m'maofesi ena a Boma ngakhalenso mwa aphunzitsi ena a ku yunivesite. Iwo amati kufufuza za chibadwa cha zamoyo ndi kompyuta ndi ntchito ya akatswiri a kunja, kapena ya iwo okha amene ali ndi madigiri atatu. Amati mwana wa digiri yoyamba ntchito yake nkuloweza manotsi ndi kulemba mayeso, ndipo akachita mwai nkunyamulira mlendo chikwama ndi kumumasulira Chichewa pamene mlendoyo akutola masamba, dothi ndi magazi zoti akapime kwao. Maganizo amenewa ndi otsalira a nthawi ya atsamunda, ndipo ayenera kuzulidwa monga momwe mlimi amazulira kaufiti m'munda wa chimanga. Mwana wa mlimi wa kwa Njombwa ayenera kuyamba kafukufuku weniweni asanavale chisoti cha digiri yoyamba.

Nkofunika kuti atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma ayambe adziwa chimene nzeru imeneyi iri, pakuti ambiri amaiopa chifukwa cha maina ake achilendo. M'thupi la chamoyo chirichonse, kaya munthu, kaya mtedza, kaya kachirombo koyambitsa kolera, muli malangizo a chibadwa otchedwa DNA. Malangizowa analembedwa ndi zilembo zinai zokha: A, C, G ndi T. Kusanjika kwa zilembo zimenezi ndiko kumachititsa kuti mbeu ina ipirire chilala pamene inzake ikufota, kapena kuti kachirombo kena kasamve mankhwala amene kale ankakapha. Buku la chibadwa cha munthu liri ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. La chimanga liri ndi zoposa 2 biliyoni. La fodya nlalikulu kuposa la munthu, pakuti limafika pafupifupi 4.5 biliyoni. Kuwerenga mabuku amenewa kumatchedwa genomics. Koma palibe munthu amene angawerenge zilembo zochuluka chotere ndi maso ake. Pamafunika kompyuta yozisanja, kuziyerekeza ndi kuloza pamene zasiyana, ndipo ntchito imeneyo ndiyo bioinformatics. Wogwira ntchitoyi safunika nyumba yosanja yodzaza ndi makina. Amafunika kompyuta, intaneti, masamu, ndi munthu womuongolera.

Nanga mabuku a zamoyo zimene zimadyetsa Amalawi anawawerenga ndani? Buku la chibadwa cha fodya linalengezedwa m'chaka cha 1914 ndi alimi a ku Kasungu kodi? Iyayi. Linalengezedwa m'chaka cha 2014 ndi akatswiri a kampani ya Philip Morris International ku Switzerland, ndipo umodzi mwa mitundu itatu imene anawerenga unali wa fodya wa bale. Wogula anafika pakati penipeni pa tsamba, pamene mlimi amangodziwa mtundu ndi fungo lake. M'chaka cha 2018 akatswiri a ku Wellcome Sanger Institute ku Britain ndi anzao anafalitsa zimene anapeza atawerenga chibadwa cha mitundu 73 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi. Buku la mtedza wolimidwa linamalizidwa m'chaka cha 2019 ndi magulu a akatswiri otsogozedwa kuchokera ku America ndi ku China. Anthu amenewa sanalakwe, pakuti anagwira ntchito imene anaiona kuti ndi yaphindu. Olakwa ndi iwo amene akuona zonsezi koma akuuzabe mwana wa Mmalawi kuti adikire.

Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo dziko lino laulipira kale.  Mwezi wa November 2021 mwana wina wa ku Lilongwe anapuwala ziwalo, ndipo zoti zipimidwe zinayenda ulendo wa ku South Africa ndi ku America. Mpaka pa 17 February 2022 ndi pamene kunalengezedwa kuti anali matenda a poliyo, ndi kuti kachiromboko kanali pachibale ndi kamene kankazungulira ku Pakistan. Chimene chinaulula chibale chimenecho ndi zilembo zinai zomwe zija. Chaka chomwecho cha 2022 kunabuka kolera amene pofika mu 2023 anali atagwira anthu oposa 50,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa mliri umenewu Mmalawi, Dr. Chrispin Chaguza, pamodzi ndi anzake a m'dziko muno ndi a kunja, anawerenga chibadwa cha kachirombo ka kolerako, ndipo m'chaka cha 2024 anaonetsa kuti kanali ka mtundu wapachibale ndi wa ku Asia. Apa ndi poonekeratu kuti mutu wa Mmalawi ulibe chilema. Chimene chikusowa ndi kuchuluka kwa anthu otere, ndipo anthu otere sagwa kuchokera kumwamba ngati mvula. Amaleredwa, ndipo m'mera mpoyamba.

Otsutsa ali ndi zifukwa zao, ndipo nkoyenera kuziyankha chimodzi chimodzi. Choyamba amati ndalama palibe. Mau amenewa anali oona kale. Ntchito yowerenga buku loyamba la chibadwa cha munthu inatenga zaka 13, kuyambira 1990 mpaka 2003, ndipo inadya madola pafupifupi 3 biliyoni. Lero buku lomwelo limawerengedwa ndi madola osafika 1,000. Kuli kachipangizo kotchedwa MinION, kolowa m'thumba la malaya, kamene kamalumikizidwa ku kompyuta ya m'manja, ndipo mtengo wake sufika ngakhale pafupi ndi wa galimoto imodzi ya Boma. M'chaka cha 2018 akatswiri a ku Tanzania, Uganda ndi Kenya, pamodzi ndi anzao a ku Australia, anakhala pansi m'minda ya chinangwa ndi kachipangizo kameneka, nazindikira kachirombo kodwalitsa chinangwacho tsiku lomwelo mwini munda ali pomwepo. Zoona, mankhwala oyendetsera kachipangizoka ndi odula ndipo amafuna kusungidwa pozizira. Koma gawo lalikulu la ntchito ya wophunzira silifuna ngakhale kachipangizoko. Nkhokwe ya GenBank, imene imasunga zilembo za chibadwa cha zamoyo za dziko lonse lapansi, ndi yotsekulira aliyense kwaulere. Mapulogalamu monga BLAST, R ndi Python salipiritsa tambala. Amene akuti ndalama palibe ayambe awerengera ndalama zimene zimathera m'misonkhano ya kunyanja, m'maalawansi ogonera ndi m'mafuta a galimoto zopita kukatsekulira maphunziro a masiku awiri. Ndalama ziripo, koma zimasochera njira.

Chachiwiri amati mwana wa digiri yoyamba ndi wosakhwima. Amenewa sanamve zimene zikuchitika kwina. Ku America, kuyambira m'chaka cha 2008, pulogalamu yotchedwa SEA-PHAGES imatuma ophunzira a chaka choyamba kukatapa dothi, kupezamo tizirombo timene timadya mabakiteriya, ndi kuwerenga chibadwa chake. Nzeru yomweyo inafika ku Durban, kumene wophunzira wina wa digiri yoyamba anapeza kachirombo kotere pansi pa biringanya lowola m'chaka cha 2010. Kachirombo kameneko, kotchedwa Muddy, kanali kamodzi mwa titatu timene madokotala a ku London anagwiritsa ntchito pothandiza mtsikana amene matenda ake anali atakana mankhwala, monga kunalengezedwa m'chaka cha 2019. Ndiponso m'chaka cha 2015 kunatuluka lipoti la kafukufuku wa chibadwa cha ntchentche za pa zipatso limene mwa olemba ake munali ophunzira a digiri yoyamba oposa 900. Kodi ana amenewo ali ndi mitu iwiriiwiri? Anthu a ku Kasungu sangapusitsidwe pa nkhani imeneyi. Iwo anaona ndi maso ao pamene Dr. H. Kamuzu Banda anatsekula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'chaka cha 1981, ana a alimi ochokera m'maboma onse naphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Chigiriki chiri ndi zilembo 24. Ngati mwana wa kumudzi anagonjetsa zilembo 24 za anthu akutali, angalephere bwanji zilembo zinai zolembedwa mu mtedza wa amai ake?

Chachitatu amati dziko losauka lifunika makasu ndi feteleza, osati makompyuta. Ameneyu ndi munthu amene sanaonepo munda wa mtedza utagwidwa ndi kadukutu. Matenda amenewa amafalitsidwa ndi nsabwe za zomera, ndipo chaka choipa amasiya mlimi manja ali m'khosi. Mbeu ya Nsinjiro, imene imapirira kadukutu, inatuluka chifukwa cha kafukufuku wa zaka zambiri wa pa Chitedze, pamene bungwe la ICRISAT lakhala likugwira ntchito ndi akatswiri a Boma kuyambira m'chaka cha 1982. Kale wofufuza ankadzala, kudikira nyengo yathunthu, kusankha, nkudzalanso. Lero, ngati chizindikiro cha kupirira chadziwika m'zilembo za DNA, angathe kupima kachidutswa ka tsamba la mmera nkudziwiratu woti ausunge ndi woti autaye. Zaka zimene zapulumutsidwa pamenepo ndi matumba a mtedza m'nyumba ya mlimi. Chimodzimodzi pamene mbozi zachilendo zofanana ndi ntchemberezandonda zinaoneka ku West Africa m'chaka cha 2016, kupima DNA ndiko kunatsimikiza kuti zinachokera ku America. Mbozi zomwezo zinafika kuno, ndipo mwezi wa December 2017 Boma linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Kompyuta sirimbana ndi khasu. Imaliuza khasu poti ligwe.

Chachinai amati akaphunzira adzathawira kunja. Ena adzapitadi, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma amene amapita osabwerera kawirikawiri ndi uja amene kwao sanapatsidwepo funso loti alimbane nalo. Wophunzira amene watha zaka ziwiri akufufuza matenda a mbeu za m'mudzi mwao amakhala atamangirira mtima wake ku funso limenelo, ndipo ngakhale apite ku Cape Town kapena ku Liverpool amalitenga. Ndipo kodi njira ina ndi iti? Kudalira alendo mpaka kalekale? M'chaka cha 2025 boma la America linatseka bungwe lake la USAID, ndipo ntchito zambiri za umoyo ndi maphunziro m'maiko a mu Africa zinaima mwadzidzidzi. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Dziko la Botswana linadzilerera akatswiri ndi labotale, ndipo mwezi wa November 2021 gulu la Dr. Sikhulile Moyo ku Gaborone, pamodzi ndi akatswiri a ku South Africa, ndilo linachenjeza dziko lonse lapansi za mtundu wa Omicron wa matenda a Covid-19. Chimene Botswana anachita, Malawi angachitenso.

Mafunso oti ophunzira afufuze safunika kukawasaka kutali. Kwa Njombwa ali mbwee. Kodi tizirombo timene timapinimbiritsa fodya ndi timene timapinimbiritsa mtedza m'minda yoyandikana ndi ta mtundu wanji, ndipo timayenda bwanji kuchokera munda wina kupita munda wina? Tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu ya fodya tiri ta mitundu ingati, ndipo ndi kasinthasintha uti wa mbeu amene angatichepetse? Chuku chimene chimaononga mtedza ndi kuutsekereza ku misika ya ku Ulaya chiri cha mitundu iti m'dothi la ku Kasungu? Nanga mbeu zamakolo, chimanga cha makolo, nzama, mawere ndi khobwe, zimene amai akhala akusunga m'zikwatu ndi m'mitsuko, ziri ndi mphamvu zanji zobisika? Mafunso amenewa ndi ofulumira, pakuti msika wa fodya suli m'manja mwa mlimi. M'chaka cha 2023 dziko la Malawi linavomereza pangano la bungwe la World Health Organization lochepetsa kusuta fodya. Mlimi wa kwa Njombwa adzafunika mbeu zina zoti adalire, ndipo mbeu zimenezo ziyenera kudziwika bwino ndi ana ake omwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nzeru imene iri m'mutu wa mwana wa m'mudzimo ndiyo ya pamphuno.

Maziko alipo kale, ndipo palibe chifukwa choyambira pa chitsa. Ku Bunda, pansi pa LUANAR, kuli maphunziro a biotechnology. Ku MUST, ku Thyolo, imene inatsekulidwa m'chaka cha 2014, kumaphunzitsidwa za tizirombo ndi za makompyuta. Ku KUHeS kuli digiri yachiwiri ya bioinformatics. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene kafukufuku wake pa chibadwa cha tizirombo ta taifodi ndi Salmonella ndi wodziwika kutali. Pa Chitedze pali nkhokwe yosungira mbeu zamakolo za dziko lino. M'boma la Kasungu momwemo muli sukulu ya zaulimi ya Mwimba, imene iri m'manja mwa bungwe la ARET. Vuto nlakuti khomo lolowera m'nyumba zimenezi limatsekuka mochedwa, munthu atamaliza kale digiri yoyamba, pamene ambiri abwerera kumudzi kapena akugulitsa mayunitsi m'tauni. Ndiponso kafukufuku wa chaka chomaliza nthawi zambiri amangokhala kufunsa anthu mafunso olembedwa pa pepala, nkumanga lipoti limene limakadyedwa ndi chiswe pa shelefu.

Choncho zoyenera kuchitika nzodziwikiratu. Wophunzira sayansi ya zamoyo kapena ya ulimi aphunzitsidwe kulemba mapulogalamu a kompyuta kuyambira chaka chachiwiri, ndipo wophunzira za makompyuta ndi masamu aphunzitsidweko za zamoyo, kuti awiriwa athe kukhala pa tebulo limodzi. Pa tchuthi chachikulu ophunzira atumizidwe ku Chitedze, ku ARET, ku Mwimba ndi ku malabotale a zaumoyo, osati kukasesa ndi kutsuka mabotolo, koma aliyense ndi funso lake ndi womuyang'anira wake. Bungwe la National Commission for Science and Technology lipatule gawo la ndalama za kafukufuku loti lizipita kwa ophunzira a digiri yoyamba okha, ndipo atsikana alandire gawo lofanana ndi la anyamata. Mayunivesite, amene alumikizidwa kale kudzera mu MAREN, agwirizane kukhala ndi kompyuta yaikulu imodzi yoti wophunzira wa ku Mzuzu, ku Zomba kapena ku Bunda azitumizako ntchito yake. Ndipo ofesala aliyense wosaina chilolezo cha kafukufuku wa alendo afunse mafunso awiri asanagwire cholembera: ndi ophunzira angati a m'dziko muno amene adzagwire nawo ntchito yowerenga zilembozo, ndipo zotsatira zake zidzasungidwa kuti m'Malawi muno? Dziko lino linavomereza pangano la Nagoya m'chaka cha 2014, limene limati phindu lochokera ku chibadwa cha zamoyo za dziko ligawidwe mwachilungamo ndi eni ake. Ofesala wosaina mwaulesi akugulitsa cholowa cha mtundu wonse ndi mbale ya mpunga wa ku hotela.

Aphunzitsi a ku yunivesite nawonso adzifunse. Alipo ambiri odzipereka, amene amagawana ndi ophunzira kompyuta yao ndi nthawi yao popanda malipiro, ndipo amenewa ayenera ulemu ndi kukwezedwa pa ntchito. Koma aliponso ena amene amabisa nzeru ngati mankhwala a chitetezo, amene amatuma ophunzira kukatola zopima m'dzuwa koma polemba lipoti dzina la wophunzira osaonekapo. Khalidwe limeneli ndi kuba, ndipo akuluakulu a mayunivesite alithetse. Wagwira ntchito dzina lake lilembedwe.

Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera ali ndi udindo umene wina aliyense sangausenze. Anthu sanaiwale mphekesera za anamapopa zimene zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe m'chaka cha 2017, pamene anthu osalakwa anaphedwa. Wophunzira wofika m'mudzi ndi timabotolo ndi magolovesi angathe kuonedwa molakwika ngati anthu sanauzidwe. Ndi ntchito ya wapampando wa nthambi, mogwirizana ndi mafumu ndi alangizi a zaulimi, kufotokozera anthu chimene ana amenewa abwerera, ndi kuonetsetsa kuti palibe chotengedwa m'munda kapena m'thupi la munthu popanda chilolezo chake. Ndi ntchito yaonso kuumirira kuti wophunzira akamaliza abwerere pa bwalo la mfumu, afotokoze m'Chichewa chomveka zimene wapeza. Kafukufuku amene mwini munda sanamve zotsatira zake sanathe.

Ophunzira eni ake asayembekeze kudyetsedwa ngati ana a mbalame. Amene ali ndi foni ndi intaneti yochezera usiku wonse ali ndi intaneti yophunzirira. Agogode pa zitseko za aphunzitsi, apange magulu, aphunzitsane, ndipo akumbukire kuti fizi imene akudyera inachokera m'chigafa.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mwezi wa January 2021, akulonjeza dziko lolemera ndi lodzidalira. Amene adzakhale akuluakulu a Chitedze, a zipatala ndi a mayunivesite m'zaka zoyandikira 2063 ndi anyamata ndi atsikana amene ali m'chaka choyamba ndi chachiwiri lero. Adani atatu a mtundu uno, umphawi, umbuli ndi matenda, sadikira kuti munthu ayambe watenga digiri yachitatu. Mlembi wamkulu aliyense mu unduna, mkulu aliyense wa yunivesite ndi mtsogoleri aliyense wa Chipani ayesedwe ndi muyeso umodzi: ndi ana angati a alimi amene wawatsekulira khomo la labotale chaka chino? Amene alibe yankho apatuke, apereke njira kwa ofuna kugwira ntchito.